Mainchesi Atatu

Ndine telala wa pakhonde la sitolo pa Chamama.
Zaka makumi awiri phazi langa likupalasa makina
osafika kulikonse.
Chondidzera ndimachiyeza:
chiuno cha mkwatibwi, mapewa a abusa,
miyendo ya ana asukulu yotalika usiku anthu ali mtulo.

Tsono Mwandida atati, Ababa, tikiti yatuluka,
ndinakabwereka buku la mapu kwa aphunzitsi a Chimphepo,
n’kuliyala pamwamba pa nsalu za eni ake,
tepi ndinaigoneka kuchokera pa Lilongwe mpaka pa Joni.
Mainchesi atatu.
Kolala ya mwana wa sitandade wani imaposa pamenepo.

Aphunzitsi anaseka.
Anati mlengalenga mulibe zokhotakhota,
mulibe mlatho wokokoloka, mulibe apolisi apamsewu.
Makilomita pafupifupi chikwi ndi mazana asanu
ndege imangowapinda ngati mpendero,
maola awiri ndi kachidutswa.

Ndinamuperekeza.
Tinanyamuka kusanache pa lole ya soya,
pa boma tinakwera minibasi yodikira kudzadza,
chikwama chake chili pamiyendo panga ngati mwana wodwala.
Ku Lumbadzi anandiimitsa pa chitseko chagalasi.
Diresi yomwe ndinamusokera, yamaluwa achikasu,
inalowa pakati pa anthu ovala zakuda,
inaoneka, inabisika, inaonekanso,
basi.

Pobwerera tayala linaphulika titangodutsa pa Madisi.
Lina linalipo, koma lopanda mpweya.
Tinakhala pansi pa mthethe, tikutafuna nzimbe,
kondakitala atapita nalo pa kabaza.
Foni inanjenjemera m’thumba:
Ndafika bwino, kuno kukuzizira.
Mwana wanga anali atadumpha mayiko,
ine ndisanawoloke Bua.
Ndinaseka ndekha mpaka mayi wa nkhuku ziwiri anasendera kutali.
Kunyumba ndinafika agalu okha ali maso.

Chino n’chaka chachinayi.

Aphunzitsi, bwerani mundiwerengerenso,
pakuti masamu anu ndi anga akukangana.
Maola awiri aja ndi omwe ndimasokera buluku limodzi.
Nanga bwanji mvula yagwa kanayi
munthu osatulukira pa msewu wafumbiwu?
Akuti mapepala sanalongosoke.
Akuti abwana sakuloleza.
Akuti mwina Disembala.
Mtengo wa tikiti ndinauwerengera m’mayunifomu:
ndinafika pa mazana awiri, choko n’kuthyoka.
Tepi yanga imathera pa mainchesi makumi asanu ndi limodzi,
zotsalazo siidziwa.

Kumeneko kunabadwa mdzukulu, dzina lake Tiyanjane.
Muyeso wake umabwera pa foni:
chifuwa chakuti, msinkhu wakuti.
Ndimadula, ndimasoka, ndimasita ndi makala,
n’kupatsira mnyamata wa basi yodutsa ku Dedza.
Masiku atatu pamsewu, milungu itatu m’nyumba ya munthu wina,
ikamafika kadiresiko kakuthina m’khwapa.
Tsopano ndimasiya mpendero waukulu,
zala zinayi zopindira mkati,
kuti amake akamasule
pomwe ine sindidzakhalapo kuona.

Masana ena kumwamba kukayera,
ndege imadutsa pamwamba penipeni pa Chamama,
yaing’ono ngati singano, phokoso likuitsata m’mbuyo.
Imasiya mzere woyera, wowongoka,
ngati choko changa pa nsalu yabuluu
posonyeza podzadutsa sizasi.
Sindidziwa ngati ndi ya ku Joni kapena ya ku Nairobi.
Ndimaimitsa phazi.
Ndimadikira wodulayo adule,
mwina mbali ziwirizo n’kuzilumikiza msoko umodzi.

Mphepo imafufuta mzerewo pang’onopang’ono.
Mwini buluku amatsokomola:
Atelala, maliro ndi mawa m’mawa.
Ndimanyowetsa ulusi ndi malovu,
diso limodzi chotsinzina,
kufunafuna kabowo ka singano
komwe masiku ano kakunka kutali.